Tisamatchule Zonse Kuti Tizilombo

Mawu oti "tizilombo" tawasenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Nankafumbwe wa m'nkhokwe timati kachilombo. Udzudzu ndi kachilombo, ndipo chimene udzudzuwo umasiya m'magazi a munthu n'kumudwalitsa malungo nachonso timati kachilombo. Ntchemberezandonda zikagwa m'mapira timati tizilombo talowa m'munda. Matenda a kolera akabuka timati tizilombo tili m'madzi. Tsopano kwabwera nkhani ya zamoyo zosaoneka ndi maso zimene zimakhala m'matumbo a munthu aliyense wathanzi, zimene zikasokonekera mwana sakula bwino, ndipo olemba mabuku, aphunzitsi ndi oulutsa mawu pa wailesi akuzitchulanso ndi dzina lomwelo. Pamenepa talakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake sikuthera pa pepala. Kumafika mpaka pa mkeka pamene mayi wakhala n'kumaganiza choti amupatse mwana wake wotsekula m'mimba.

Chilombo, m'chinenero chathu, ndi chinthu choopsa. Kuno kwa Katunga munthu akabwera ndi liwiro n'kunena kuti kudooko kuli chilombo, palibe amene amafunsa ngati chilombocho n'chothandiza. Aliyense amadziwa kuti ng'ona yaoneka mu Shire ndipo ana asayandikireko. Tikachepetsa mawuwo n'kumati kachilombo kapena tizilombo, tachepetsa thupi lokha, udani wake uli pomwepo. Ena amalimbana ndi zoti tilembe "chilombo" kapena "chirombo", ndipo kalembedwe konse kawiri kamapezeka m'mabuku athu, koma mkangano umenewo ndi waung'ono pouyerekeza ndi wa tanthauzo.

Mawuwa adasenzanso mtolo wina m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Lero munthu akatsitsa mawu n'kunena kuti uje ali ndi kachilombo, palibe amene amafunsa kuti kachilombo kanji. Tonse timamva HIV. Ndiye taganizirani mlangizi wa zaumoyo akuuza mayi pa sikelo kuti, "Mayi, mwana wanuyu ali ndi tizilombo tambirimbiri m'mimba, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira." Wanena zoona, koma wazinena m'mawu ogwetsa mphwayi. Mayiyo amva mbali yoyamba yokha. Mbali yachiwiriyo khutu la Mmang'anja, la Msena kapena la Mchewa silingailandire, chifukwa chilombo choyenera kukhala m'thupi la mwana sichinamvekepo.

Zamoyo zimene tikunenazi zili ndi dzina lake: mabakiteriya. Akatswiri amene adawerengera mosamala mu 2016 adapeza kuti m'thupi la munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi mathiliyoni 38, olemera ngati magalamu 200 onse pamodzi, ndipo ochuluka zedi amakhala m'matumbo aakulu. Ndati m'matumbo, sindinati m'mimba. Mimba ndi mawu otakata. Muli chifu, chiwindi, matumbo, ngakhale mwana woyembekezeredwa. Pocheza palibe cholakwika kunena kuti m'mimba mukupota. Koma pophunzitsa tizisiyanitsa, chifukwa m'chifu muli asidi waukali moti ndi mabakiteriya ochepa okha amene amapirira, monga Helicobacter pylori, amene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ndiye gwero la zilonda zambiri za m'chifu. Khamu lenileni lili kunsi, kumene chakudya chimafika chitagayidwa kale. Aliyense amene adatumbulapo mbuzi amadziwa chifu ndipo amadziwa matumbo. Mawu tili nawo kale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lonse lidaphunzira zambiri za mabakiteriyawa kuchokera kwa ana a m'boma lathu lino la Chikwawa, pamene makolo a anawo sitinawapatse mawu omveka oti amvere zimene zidapezeka. Tsidya lija la Shire, kwa Makhwira, ndi amodzi mwa malo asanu a m'chigawo cha kummwera kumene ofufuza a ku College of Medicine ku Blantyre ndi a ku Washington University ku St. Louis, pansi pa Jeffrey Gordon ndi Mark Manary, adatsatira mapasa a m'mabanja 317 m'zaka zawo zitatu zoyambirira. Zotsatira zake zidatuluka mu 2013 m'magazini ya Science. Funso lawo lidali lomwe agogo athu akhala akudzifunsa kuyambira kale. Ana awiri obadwa tsiku limodzi, oyamwa bere limodzi, omwa phala la mumphika umodzi, zitheka bwanji kuti mmodzi atupikane miyendo ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, mnzake ali bwinobwino? Kumudzi yankho limene limafulumira kubwera ndi tsempho, ndipo mabanja ambiri adalozeranapo zala pa mlandu umenewu. M'mabanja 43 pa 100 alionse a m'kafukufukuyu, mwana mmodzi adadwala matenda a kuperewera kwa zakudya m'thupi, mnzake osadwala.

Ofufuzawo adatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha ena mwa anawa n'kuwaika m'matumbo a mbewa zimene zidaleredwa mopanda bakiteriya ndi mmodzi yemwe. Mbewa zimene zidalandira mabakiteriya a mwana wotupikana, n'kumadya chakudya chonga cha kumudzi kuno, zidaonda kwambiri. Zimene zidalandira a mwana wathanzi sizidaonde chotero, ngakhale chakudya chidali chimodzimodzi. Mwa ana otupikanawo, chiponde cha kuchipatala chidathandiza kuti mabakiteriya awo ayambe kukhwima ngati a mnzawo wathanzi, koma chiponde chitaleka adabwereranso m'mbuyo. Zaka zitatu pambuyo pake, mu 2016, gulu la Gordon lomwelo, pogwiritsanso ntchito mabakiteriya a ana a ku Malawi, lidaonetsa kuti mitundu iwiri, Ruminococcus gnavus ndi Clostridium symbiosum, ikawonjezedwa m'matumbo a mbewa zopinimbira, mbewazo zimayamba kukula bwinoko. Palibe akunena kuti njala yasiya kukhala gwero la kunyentchera. Chimene chidapezeka n'chakuti chakudya choperewera ndi matumbo osakhwima zimagwirizana pomugwetsa mwana.

Tayesani tsopano kufotokozera agogo a kwa Makhwira zimenezi pogwiritsa ntchito mawu athu aja. "Mdzukulu wanu wadwala chifukwa tizilombo take sitinakhwime." "Tikufuna timuwonjezere tizilombo tina kuti akule." Agogowo adzanyamula mdzukulu wawo n'kutuluka, ndipo sadzakhala olakwa. Olakwa tidzakhala ife amene tawapatsa chiganizo chodzitsutsa chokha.

Nkhani ikamveka kuti ndi ya mabakiteriya, aliyense ndi dzina lake ndi ntchito yake, zinthu zimayamba kulongosoka. Mwana woyamwa, matumbo ake amadzala ndi Bifidobacterium, amene Henry Tissier adamupeza ku Paris mu 1899 m'chimbudzi cha makanda oyamwa bere. Mu mkaka wa m'mawere muli mitundu ina ya shuga imene mwanayo sangathe kuigaya. Shuga ameneyo ndi chakudya cha Bifidobacterium, ndipo iye akadya amatulutsa asidi amene amalepheretsa mabakiteriya odwalitsa kuswana. Alangizi akamalimbikira za kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, china mwa zifukwa zake ndi chimenechi, ngakhale sichinenedwa kawirikawiri. Mwana akayamba phala, kenako nsima, mitundu ina imalowa, ndipo pofika zaka ngati zitatu matumbo ake amakhala atafanana ndi a munthu wamkulu. Izi zidaoneka m'kafukufuku wina wa mu 2012, wa anthu 531 a ku Malawi, Venezuela ndi United States, ndipo a kwa Makhwira adalinso momwemo. Kafukufukuyo adapezanso kuti m'matumbo a Amalawi a kumudzi mumachuluka Prevotella, wodziwa kuphwanya zakudya za kumunda, pamene mwa anthu a ku America mumachuluka Bacteroides. Nsima ya mgaiwa ndi ya mapira, khobwe, nandolo, chisoso ndi therere zili ndi mbali imene thupi lathu palokha silingaigaye. Mbali imeneyo imatsika mpaka m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya amaigawana mwa dongosolo: ena amaiphwanya n'kusiya asidi, ndipo ena, monga Faecalibacterium prausnitzii, amatola zotsala za anzawozo n'kupanga asidi wina wotchedwa butyrate, amene ndi chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo athu.

Mlimi wa kuno samavutika kumva zimenezi. Amadziwa munda wa kasakaniza, mmene mapira ali m'mwamba, khobwe akuyanga pansi, maungu ataphimba nthaka moti udzu ukusowa pomera. Amadziwanso kuti moto ukadutsa m'munda wotere susankha, ndipo choyamba kuphuka pa lupsa si mbewu. Matumbo odzala ndi eni ake amamana malo ndi chakudya mabakiteriya odwalitsa. Matumbo opsa ndi mankhwala amawatsekulira khomo, ndipo madokotala amadziwa za Clostridioides difficile, bakiteriya amene amakhala chete pakati pa anzake koma amaswana n'kudwalitsa koopsa anzakewo akaphedwa.

Ngakhale pa kolera nkhani imeneyi ilipo. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, mmene madzi adakokololera zimbudzi ndi kumiza mijigo kuno kuchigwa, ndi mliri wa kolera umene udayamba mu Marichi chaka chomwecho n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno, oposa 1,700 n'kumwalira. Woyambitsa matendawa, Vibrio cholerae, mutchuleni kachilombo mmene mungafunire, dzinalo likumuyenera. Koma ofufuza amene adatsatira odwala kolera ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, adalemba mu 2014 kuti munthu akamachira, mabakiteriya a m'matumbo ake amabwerera mwa ndondomeko yofanana ndi ya mwana amene akukula, ndipo mmodzi mwa obwererawo, amene lero amatchedwa Blautia obeum, amatulutsa mankhwala osokoneza Vibrio kuti asakhazikike m'matumbo. Izi sizikulowa m'malo mwa kuthira klorini m'madzi, kusamba m'manja ndi sopo kapena katemera. Koma tikatchula Vibrio ndi Blautia ndi dzina limodzi, tingafotokoze bwanji kuti mmodzi akulimbana ndi mnzake m'malo mwa ife?

Ena aona vutoli ndipo ayesa kulikonza ponena kuti pali "tizilombo tabwino" ndi "tizilombo toipa". Cholinga chawo ndi chabwino, koma mawuwo sindiwavomera. Choyamba, "kachilombo kabwino" ndi mawu olumana okhaokha, monga taona kale. Chachiwiri, kugawa kotereku si koona. Escherichia coli, amene Theodor Escherich adamufotokoza mu 1885 atamupeza m'chimbudzi cha makanda, amakhala m'matumbo a pafupifupi munthu aliyense popanda vuto, ndipo amathandizako kupanga vitamini K. Yemweyo akasochera n'kulowa m'chikhodzodzo amayambitsa matenda a m'njira ya mkodzo. Akalowa m'magazi a khanda angathe kupha. Palinso mitundu ina ya fuko lake lomwelo imene imatsekula m'mimba. Ndiye tim'tchule wabwino kapena woipa? Chinenero cholondola chizinena kumene bakiteriya ali ndi chimene akuchita: uyu ali m'malo mwake, uyu wasochera, uyu wachuluka mopitirira, uyu ndi woyambitsa matenda.

Pamene mawu osokonekerawa awononga kwambiri ndi pa mankhwala. "Mankhwala opha tizilombo" timatchula opopera thonje, othira m'chimanga, klorini wa m'madzi, a njoka za m'mimba, ndiponso makapisozi. Munthu amene wamva moyo wake wonse kuti m'mimba mukavuta ndiye kuti muli tizilombo, ndipo kuti pali mankhwala opha tizilombo, safunanso wina womuuza chochita. Amapita pa golosale kapena pa benchi ya mumsika, n'kugula makapisozi awiri ofiira ndi achikasu, kapena Bactrim, kapena Flagyl, malinga ndi ndalama imene ili m'thumba. Sikuti ndi umbuli. Watsatira bwinobwino zimene chinenero chamuuza, ndipo chipatala chili kutali. Koma nthawi zambiri kutsekula m'mimba kwa ana aang'ono kumayamba ndi mavairasi, monga rotavirus amene katemera wake adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Okotobala 2012, ndipo makapisozi alibe mphamvu pa vairasi. Chimene chimapulumutsa mwana wotere ndi Thanzi ORS, mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndi kupitiriza kuyamwitsa ndi kumudyetsa. Flagyl amapha makamaka mabakiteriya okhala kumalo kopanda mpweya, ndipo ambiri mwa eni matumbo aja, Prevotella ndi Bacteroides omwe, ndi a gulu limenelo.

Zotsatira zake zalembedwa. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome adasanthula magazi a odwala a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre kwa zaka zambiri. Adapeza kuti pakati pa 2003 ndi 2016, Escherichia coli wosamva mankhwala amphamvu a mtundu wa ceftriaxone adachoka pa wosakwana 1 pa 100 alionse kufika pa 30, ndipo Klebsiella adachoka pa 12 kufika pa 90. Onse awiriwa kwawo ndi m'matumbo. Kafukufuku wina wa m'makomo, wotchedwa DRUM, amene adachitika ku Ndirande, ku Chileka ndi kuno ku Chikwawa, adapeza mabakiteriya osamva mankhwala otere m'chimbudzi cha anthu pafupifupi anayi mwa khumi alionse, komanso m'ndowe za ziweto ndi m'madzi a m'mitsinje, makamaka nthawi ya dzinja. Anthuwo sadali odwala. Adangowanyamula. Mawu oti "tizilombo" sangathe kufotokoza munthu wonyamula chinthu chimene lero sichikumuvuta koma mawa chingadzakane mankhwala.

Pano ndisamveke molakwa. Pali nthawi imene mankhwalawa ndi moyo. Kamwazi, taifodi, chibayo, matenda a m'magazi, zonsezi zimafuna mankhwala amene dokotala walemba, omwedwa mpaka kumapeto. Ndipo kafukufuku wa ana 2,767 onyentchera kwambiri a m'dziko muno, wofalitsidwa mu 2013, adaonetsa kuti amene adalandira amoxicillin kapena cefdinir kwa sabata imodzi pamodzi ndi chiponde adachira ambiri ndipo adamwalira ochepa kusiyana ndi amene adalandira chiponde chokha. N'chifukwa chake mankhwalawa ayenera kukhala ndi dzina lawolawo, losasokonezeka ndi la mankhwala a thonje, kuti munthu adziwe nthawi yowalandira ndi nthawi yowakana. Anamwino amati maantibayotiki. Tiyeni tonse titero, n'kumawonjezera kuti ndi mankhwala opha mabakiteriya, odwalitsa ndi osadwalitsa omwe.

Mawu ena oti tiwachenjerere ndi akuti "kutsuka m'mimba". Amamveka bwino chifukwa kutsuka ndi ukhondo. Ogulitsa mankhwala a m'mabotolo amawakonda, ndipo amalonjeza kuchotsa "zoipa zonse". Matumbo a munthu wathanzi safunika kutsukidwa, ndipo chimene mankhwala oterowo amachita ndi kutsekula m'mimba mwadala, n'kuchotsa madzi ndi mchere m'thupi. M'kutentha kwa chigwa chino mu Okotobala ndi Novembala, mwana kapena nkhalamba sachedwa kufooka nazo. Wolemba nkhani asamabwereze mawuwa ngati dzina la chithandizo. Azinena chimene chikuchitikadi.

Alipo amene adzati bakiteriya ndi mawu achilendo, ndipo wosamala chinenero sayenera kuwalandira. Ine ndikuona mosiyana, ndipo malo amene ndikulembera ano akundichitira umboni. Pa dooko la Katunga ndi pamene sitima za pamadzi za kampani ya Mandala zinkatsitsira katundu m'zaka za m'ma 1880, poti kumtunda kwake kuli mathithi, ndipo amtengatenga ankasenza katunduyo kukwera naye phiri mpaka ku Blantyre. Mfumu Katunga yoyambayo idali mmodzi mwa Amakololo amene adabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika pakati pa Amang'anja. Chinenero cha anthu a m'chigwa chino chakhala chikulandira alendo kwa nthawi yaitali, ndipo sitima, sopo, sukulu ndi buku ndi mawu athu lero. Kubwereka si kuwononga. Chimene chimawononga ndi kukakamiza mawu amodzi akale kuti anene zinthu khumi zotsutsana. Chofunika n'chakuti mlendoyo avale zovala zathu ndi kutsatira malamulo a pakhomo. Mmodzi ndi bakiteriya: bakiteriya uyu, bakiteriya amene amakhala m'matumbo. Ambiri ndi mabakiteriya: mabakiteriya awa, mabakiteriya a m'matumbo. Osati "ma bacteria" molekanitsa, osatinso "tizilombo ta bakiteriya", zimene zikungobwezera chilombo chija pakhomo lakuseri. Chimodzimodzi vairasi ndi mavairasi. Njoka za m'mimba zikhale njoka za m'mimba, poti dzina lake n'lomveka ndipo mankhwala ake ndi ena. Tikafuna mawu ophatikiza zonse zosaoneka ndi maso, mabakiteriya, mavairasi ndi yisiti pamodzi, tinene kuti tizamoyo tosaoneka ndi maso, chifukwa "tizamoyo" sitiweruza mlandu usanazengedwe. Ndipo "tizilombo toyambitsa matenda" tisungire toyambitsadi matenda. A Centre for Language Studies ku Zomba, amene adatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndi olemba mabuku a sayansi ya m'sukulu, ali ndi mphamvu yokhazikitsa kusiyanitsa kumeneku kuposa wolemba nkhani mmodzi.

Ndipotu chinenero chathu chidayamba kale kusiyanitsa ntchito za tizamoyoti tisanadziwe n'komwe kuti tiliko. Mayi aliyense amadziwa kuti kusasa ndi kwina, kuvunda ndi kwina. Thobwa la mapira kapena la mawere likagona limasasa, ndipo mkaka ukasasa timapeza chambiko. Ndiwo zikagona pa kutentha zimavunda, nsomba imaola, ndipo zimenezo timataya. Kusasa kwa thobwa ndi kwa chambiko ndi ntchito ya mabakiteriya opanga asidi, a fuko la Lactobacillus ndi abale ake, mothandizana ndi yisiti, ndipo asidi ameneyo ndi amene amalepheretsa mabakiteriya ambiri odwalitsa kuswana m'chakumwacho. Sindikunena kuti thobwa ndi mankhwala, ndipo thobwa losungunulidwa ndi madzi a pa dooko lingathe kupatsira kolera ngati madzi ena alionse. Koma mphunzitsi wa sitandade 7 amene akufuna kuti ana amve za mabakiteriya a m'matumbo ayambire pa mtsuko wa thobwa. Awafunse chimene chasasitsa, awauze dzina lake, kenako awauze kuti abale a chosasitsacho ali m'matumbo mwawo ndipo akudya nawo khobwe wa dzulo.